Pulasitala akungogwa panyumba yakale ku Kimberley

Bilidala wa ku Kimberley: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Nyumba ya m'ma 1890, kudera la Belgravia kufupi ndi nyumba yakale yotchuka ya Dunluce. Khoma la kukhonde lanyowa mpaka m'chiuno, mchere ukutuluka mbuu. Wina anamatapo simenti kale, ndiye ndikagogoda pulasitala akuchoka ndi njerwa yomwe. DPC, chotchinga chinyontho cha m'munsi mwa khoma, sindikuiona. Bwana akuti Lachisanu ndimalize. Ndiyambire pati?

Madala a malata: Choyamba ikani hamala pansi. Kuno ku Joni nyumba yopitirira zaka 60 simuigwetsa kapena kuisintha popanda chilolezo, ndi lamulo la 1999. Bwanayo akuonetseni pepala. Zikavuta adzaloza inu.

Wa simenti: Chotsani zonse, sakanizani 1:3 (simenti muyeso umodzi, mchenga miyeso itatu), mankhwala a waterproof m'matope momwemo. Basi.

Kalipentala: Ayi achimwene, simentiyo ndi amene wapha khoma. Njerwa za nthawi ya diamondi ndi zofewa, ankamangira laimu. Laimu amalola chinyontho kutuluka. Mukatseka ndi simenti madzi amangokwera m'mwamba, mchere n'kumadya njerwa m'kati. Onaninso timabowo ta mpweya pansi pa khoma, mwina anatikwirira ndi paving.

Wa simenti: Zaka zonsezi ndikumanga ndi simenti, palibe yagwa.

Madala a malata: Mwandikumbutsa ku Pilgrim's Rest. Tauni yonse ija ndi yotetezedwa, nyumba zake za matabwa ndi malata. Mnyamata wina anaponda lata looneka bwinobwino, mwendo phwa mpaka m'bondo. Pansi pake chiswe chinali chitamaliza mtanda, kwangotsala penti. Kuyambira pamenepo sindikwera ndisanabaye thabwa ndi screwdriver.

Bilidala wa ku Kimberley: Timabowoto n'zoona, tiwiri ndi totseka. Nanga laimu ndisakanize bwanji? Wa m'thumba uja ndi yemweyo?

Kalipentala: Musathamange. Laimu sauma msanga, amafuna kuwaza madzi ndi kutchinga dzuwa masiku angapo, ndipo dzuwa la ku Kimberley mukulidziwa. Za Lachisanu iwalani. Laimu amaotchanso khungu, valani magolovesi ndi magalasi. Penti wa pamafelemu musamupale ndi grinder, wakale amakhala ndi mtovu.

Wa simenti: Ndiye munthu adikire mwezi osalipidwa? Thiranimo simenti pang'ono mulaimumo.

Kalipentala: Pang'ono pomwepo ndi pamene pamayambira mng'alu.

Madala a malata: Gatala mwamuona? Ambiri amalimbana ndi khoma pamene madzi akuchokera kudenga. Kodi alipo akudziwa kogula malata a mizere yakale? Atsopanowa sakukhala bwino pa akale.