Akuti mwana wakwana zaka 18 pomwe ine ndikudziwa kuti ndi bodza, ndiyambire pati?

Azakhali a ku Ntcheu

Abale, ndithandizeni nzeru. Mwana wa achimwene anga, omwe anatisiya, wasiyitsidwa sukulu ali sitandade 7. Alamu anga ndi amalume ake agwirizana zomupereka kwa bambo wina wa geni ya kachewere, ndipo ndamva kuti ndalama zina analandira kale.

Mwanayu anabadwa mu Epulo 2012, masiku a maliro a Bingu. Sindingasokoneze chifukwa ndine ndinkadikirira mayi ake kuchipatala. Koma nditakadandaula kwa anyakwawa, alamuwo anati ali ndi zaka 18, "simukuona mmene wakulira?" Zoona ndi wathupi, anatha msinkhu msanga, kuchinamwali anapitako. Anyakwawa anangondifunsa kuti umboni wanga uli kuti. Chiphaso chakubadwa alibe. Kabuku ka kusikelo akuti kanawonongeka ndi mvula. Kwathu kunonso mukudziwa, pa nkhani ya mwana mawu a amalume amalemera kuposa a azakhali. Sindikugona nayo tulo nkhaniyi. Mwanayu masamu amawatha, ndipo iye mwini anandiuza akulira kuti banjalo sakulifuna.

Aphunzitsi a pulaimale

Pepani mayi. Lamulo lili mbali yanu. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko, kuchotsa mpata uja woti mwana wa zaka 15 akhoza kukwatiwa makolo akavomereza. Ndiye chifukwa chake alamu anuwo sakunena kuti "tavomereza ndife makolo", akulimbikira pa 18. Akudziwa.

Mawa lomwe pitani kwa ahedi mukapemphe kuona kaundula wa pomwe analembetsa sitandade 1. Ndikuchenjezeni pang'ono: zaka za m'makaundula athu nthawi zina zimaphonya, chifukwa timalemba zimene watiuza kholo. Komabe kuphonya kwake kumakhala chaka chimodzi kapena ziwiri, osati zinayi. Muwauzenso amayi a Mother Group, iwowa nkhani zotere sachita nazo manyazi.

Mlangizi wa zaumoyo

Azakhali, poti mwanayo anabadwira kuchipatala, mwayi ulipo. Ku matenite kumakhala buku lolembamo mayi aliyense wochira, tsiku lake ndi mudzi wake. Inu panokha sangakutsegulireni, koma mukadzera kwa a Social Welfare kuboma kapena kupolisi ku Victim Support Unit, iwo akhoza kufunsa. Ngati anabatizidwa ali wakhanda, kutchalitchi nakonso amasunga tsiku lobadwa. Zonse zikakanika, apolisi amatha kutumiza mwana kuchipatala kuti akamuyeze msinkhu, ngakhale kuyezako kumangopereka zaka zoyerekeza. Imbaninso 116, nambala ya foni yothandiza ana, ndi yaulere. Musaiwale kuti mwamuna wogona ndi mwana wa zaka zimenezo wapalamula mlandu waukulu, kaya analowola kaya ayi.

Koma pali china chimene chimandiwawa pa ntchito yangayi. Lamulo la kalembera linakhazikitsidwa mu 2010, linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo limati mwana alembetsedwe pasanathe masabata 6 chibadwire. Ana obadwa zisanafike pamenepo ambiri anatsalira. Kalembera wamkulu wa zitupa za unzika wa 2017 anali wa anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo, mwanayo panthawiyo ali ndi zaka 5. Inde a NRB, nthambi ya boma yoona za kalembera, amalembetsa ngakhale mwana wamkulu, ku ofesi yawo ya kwa DC. Vuto ndi loti polembetsa mochedwa, tsiku lobadwa amalitchula ndi makolo omwewo, amfumu n'kuchitira umboni. Kholo lomwe lalandira kale ndalama za mkamwini lingatchule chaka chanji? Mukachedwa mudzapeza chiphaso chatuluka cholembedwa 2008, ndiye bodza lija lakhala ndi chidindo cha boma. Choncho yambani mwapeza umboni wa kuchipatalawo, kulembetsa kubwere pambuyo.

Ine kusikelo ndimawauza amayi kuti lembetsani mwana akadali kumsana. Nthawi imeneyo palibe amene ali ndi chifukwa chonamizira zaka zake.

Bambo wa ku Dedza

Zonsezi ndikuvomereza, koma pepala lokha silidyetsa munthu. Mayiyo ndi wamasiye, mwina m'nyumba mulibe ndi ufa womwe. Maukwati ambiri otere sapita kwa DC kapena kutchalitchi komwe angafunse chiphaso, amangolowana usiku, m'mawa mwamva kuti wakuti ali pabanja. Kwathu kuno Inkosi Kachindamoto anathetsa maukwati a ana ochuluka zedi chifukwa ankachotsa paudindo nyakwawa zolekerera, komanso ankaonetsetsa kuti mwana wabwereradi m'kalasi. Anyakwawa anuwo akapitiriza kuzengereza, kwerani kwa agulupu, kenako kwa a T/A. Ndipo mukamulanditsa, adzakhala ndi ndani? Mukamubwezera pakhomo pomwepo osasintha kanthu, pakutha pa chaka mudzamva kuti wapita ndi wina.

Azakhali a ku Ntcheu

Zikomo nonse. Bambo a ku Dedza, funso lanulo ndalimva. Ndakambirana ndi amuna anga, avomera kuti mwanayo adzakhale kwathu mpaka alembe mayeso a sitandade 8, ndipo alamu anga sindikufuna kudana nawo, ndidzawagawirako chimanga. Lolemba ndilawirira kwa ahedi, kenako kuboma. Alangizi, ang'ono ake awiri nawonso alibe ziphaso. Kodi ine monga azakhali ndikhoza kukawalembetsa, kapena mpaka mayi awo apite okha ndi chitupa chawo?