DOTween: menyu ikukana kutsetsereka gemu ikaimitsidwa

wofunsa_u:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mu Unity (pulogalamu yopangira magemu) ndikugwiritsa ntchito DOTween, chida chosunthira zinthu pang'onopang'ono, ndipo ndikufuna menyu izitsetsereka kuchokera kumanzere gemu ikaimitsidwa. Ndikuika Time.timeScale (liwiro la nthawi ya gemu) kukhala 0, kenako DOMove (lamulo losunthira chinthu) ya masekondi 0.4, koma panel ya menyuyo sikusuntha n'komwe. Ndikachotsa timeScale ikusuntha, koma batani likadinidwa kawiri mofulumira ikunjenjemera n'kuima pakati pa sikirini. Vuto lili pati?

kodi_yoyera:
Apa pali mavuto awiri osiyana. Tween (kusuntha kumene DOMove ikupanga) imayendera nthawi ya gemu, ndiye timeScale ikakhala 0, kwa iyo nthawi yaima. Onjezani SetUpdate(true) kumapeto kwa mzere wa DOMove, idzayamba kuyendera nthawi yeniyeni. Komanso pa UI (zinthu ngati menyu ndi mabatani) musagwiritse ntchito DOMove. Tengani RectTransform (gawo losunga malo a panel) n'kuitana DOAnchorPos. DOMove imawerenga malo a world space (malo a m'dziko lonse la gemu), ndipo Canvas Scaler (chimene chimalinganiza UI ndi sikirini) ikasintha kukula pa foni ina, menyu yanu idzaima malo olakwika.

mlangizi88:
Za kunjenjemerazo: kudina kulikonse kukupanga tween yatsopano pomwe yakale isanathe. Ziwirizo zikulimbirana anchoredPosition (malo a panel) imodzi pa frame iliyonse, ngati anthu awiri akukokerana chingwe. DOTween siipha yakale yokha, ntchito imeneyo ndi yanu.

Njira yachidule ndi kuitana panel.DOKill() musanayambitse ina. Koma pa menyu yotseguka ndi kutsekeka kawirikawiri, ndibwino kupanga tween imodzi yokha mu Start, kuipatsa SetAutoKill(false) ndi Pause(), n'kuisunga mu variable. Potsegula muitane PlayForward(), potseka PlayBackwards(). Wosewera akadina pakati pa ulendo, panel imangobwerera kuchokera pomwe yafika, osadumpha. Chenjerani chimodzi: tween imasunga malo oyambira nthawi yoyamba imene yayenda, choncho panel ikhale kale kunja kwa sikirini isanayambe.

Tween imene simukuipha imafunika SetLink(gameObject). Popanda zimenezi, mukasintha scene idzafunabe kusuntha chinthu chimene chawonongedwa kale, ndipo console idzadzaza ndi machenjezo.

wofunsa_u:
Zikomo kwambiri, zatheka. Nanga ease (mmene liwiro la tween limasinthira) yoyenera ndi iti? Menyuyo ikuyenda mouma.

kodi_yoyera:
Mukapanda kusankha, DOTween imaika OutQuad. Yesani OutBack: panel imapitirira pang'ono malo ake kenako n'kubwerera. Kungoti siyani danga kumanja, apo ayi m'mphepete mwake mudzadulidwa ikamapitirira. Dziwaninso kuti PlayBackwards imatembenuzanso ease yomweyo, ndiye potseka idzayamba yasunthira kumanja pang'ono isanatuluke.