Dzanja likuwawa ndi kutayipa: kiyibodi yoti ndigule ndi iti?

Achemwali a ku Leeds: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi vuto, mwina wina pagulu pano anakumanapo nalo. Miyezi inayi yapitayi ndinayamba ntchito yolowetsa maoda mu kompyuta, maola 8 patsiku ndikungotayipa. Tsopano polumikizira dzanja lamanja pakumawawa, cha mbali ya kachala kakang'ono, ndipo pofika madzulo phewa limalemera ngati ndasenza katundu. Mnzanga wa kuntchito akuti ndigule kiyibodi yopindika ija. Ndayang'ana pa intaneti, zilipo mitundumitundu mpaka mutu wazungulira. Ndigule iti?

Adimini: Pepani achemwali. Tidikire achimwene a ku Bristol aweruke, iwowo ndi amene amasunga makiyibodi amtunduwu.

Anesi a ku Manchester: Musanagule kanthu ndikufunseni kaye. Usiku mumadzidzimuka zala zitachita dzanzi? Ngati ndi choncho, zala zake ziti? Dzanzi likamagwira chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chachinayi, nthawi zambiri ndi mtsempha wodutsa polumikizira dzanja umene wapanikizika, madokotala amati carpal tunnel syndrome. Likamagwira kachala kakang'ono ndi theka linalo la chachinayi, umenewo ndi mtsempha wina, ndipo kawirikawiri umafinyika pa chigongono, makamaka kwa anthu otsamira zigongono pa desiki. Zonse ziwirizi n'zoonana ndi a dokotala, osadalira kiyibodi yokha.

Achemwali a ku Leeds: Dzanzi ayi amayi, n'kuwawa basi. Loweruka ndi Lamlungu kumachepa, Lachiwiri kwayambiranso.

Anesi a ku Manchester: Ndiye mwafulumira bwino. Koma mukadzaona dzanzi lija, kapena kapu ikamakupulumukani m'manja, musadikire.

Achimwene a ku Bristol: Ndafika. Achemwali, tiyambe ndi kiyibodi imene muli nayo kale. Mawa mukafika pa desiki, ikani zala zamkombaphala pa F ndi J monga mwa masiku onse, ndiye muime osatayipa, muyang'ane manja anu. Zigongono zili kumbali kwa thupi, koma manja abwera pamodzi pakati, ndipo kuti zala zilunjike mizere ya mabatani, dzanja lililonse lapindikira kunja, mbali ya kachala kakang'ono. Pamene mukuti pakuwawapo ndi pomwepo. Mukamafikira Enter ndi Backspace, dzanja lamanja limapindikanso kuposa apo, kambirimbiri pa ola limodzi.

Kenako tsitsani manja m'mbali mwa mpando, muwalekerere, mupinde zigongono. Muona kuti zikhatho zimayang'anizana ngati mukufuna kupereka moni. Kiyibodi yathyathyathya imakukakamizani kutembenuza zikhatho kuti ziyang'ane pansi tsiku lonse. N'chifukwa chake makiyibodi enawa amatukuka pakati ngati denga.

Za phewa ndikukayikira mausi. Mabatani a manambala ali kumanja aja amakankhira mausi kutali, ndiye mkono umakhala wotambasuka panja maola onsewo.

Zoti muchite mawa lomwe osagula kanthu: pindani timiyendo takumbuyo kwa kiyibodi. Anthu ambiri amatiimika poganiza kuti n'kothandiza, koma timachititsa dzanja kupindikira m'mwamba. Mpando mukweze mpaka zigongono zifanane ndi desiki.

Achemwali a ku Leeds: Timiyendoto ndinatiimika tsiku loyamba lomwe! Nanga pa amene muli nawowo, yabwino ndi iti?

Achimwene a ku Bristol: Ndili nawo asanu, ndipo iliyonse inakonza china n'kusiya china.

Yoyamba inali Microsoft Natural Ergonomic 4000, ya mu 2005, mdzukulu wa Natural Keyboard imene Microsoft anatulutsa mu 1994. Ndi yathunthu, mabatani anagawidwa pawiri, pakati n'potukuka. Dzanja linasiya kupindikira kunja sabata yoyamba. Koma batani lodumphira mawu linali lolimba, chala chachikulu chinkatopa, ndiponso ndi yaikulu kwambiri moti mausi inapita kutali kuposa kale.

Ndinasamukira pa Microsoft Sculpt ya mu 2013. Imeneyi mabatani a manambala ndi kachidutswa kapadera, mumakaika pomwe mukufuna. Phewa langa linapola pa imeneyi. Chenjezo kwa wogula yogwiritsidwa kale ntchito: imayenda ndi kachipangizo kake ka USB kamene anakalumikiza kufakitale, kakasowa simungagule kena. Wogulitsa akakuuzani kuti kachipangizoko palibe, isiyeni. Microsoft anasiya kupanga zinthuzi mu 2023, ndipo kampani ya Incase ndi imene inatenga mapangidwe ake.

Logitech Ergo K860 ya mu 2020 ndimaikonda chifukwa cha potsamiritsa manja, ndi pofewa, ndipo timiyendo take tili kutsogolo, pansi pa potsamira paja, moti kiyibodi imapendekera kutali ndi inu pa madigiri 4 kapena 7. Kwa munthu wogwira ntchito ataimirira ndi yabwino zedi. Koma manambala ndi omatirira kumanja, vuto lanu la phewa silingathe.

Yachinayi ndi Kinesis Freestyle2. Iyi ndi zidutswa ziwiri zolumikizidwa ndi chingwe, cha mainchi 9 kapena 20. Chidutswa chilichonse mumachiika moyang'anizana ndi phewa lake, chifuwa n'kutseguka. Pali timiyendo togula padera totchedwa VIP3 totukula pakati pa madigiri 5, 10 kapena 15. Mabatani ake anasanjidwa ngati pa kiyibodi wamba, ndiye simuyamba kuphunzira ngati mwana.

Yomaliza ndi Kinesis Advantage2, imene ndimagwiritsa ntchito kunyumba. Mabatani ali m'timaenje tiwiri ngati timbale, zala zimangogweramo, ndipo Backspace, Delete, Enter ndi lodumphira mawu zonse zili pansi pa zala zazikulu. Kachala kakang'ono kamapuma. Pa onsewo imeneyi ndiye ndimaikonda, koma inu sindingakuuzeni kuti muyambire pamenepo.

Mnyamata wa IT: Akulu, bwanji osangowauza za makiyibodi a mabatani osanjidwa molunjika chala chilichonse, monga Moonlander kapena Glove80? Kapena Corne, mabatani 42 okha, chala sichiyenda mtunda. Mizere yokhota ya pa kiyibodi wambayi inachokera ku makina otayipira a m'ma 1870, ankaisanja choncho kuti tizitsulo ta mabatani tisagundane. Lero tizitsuloto kulibe, koma manja athu akuvutikabe nazo. Ine ndinachokanso pa QWERTY, kasanjidwe ka zilembo ka masiku onse kaja, ndili pa kena kotchedwa Colemak. Imasuntha mabatani 17 okha, Z, X, C ndi V amatsala pamalo pake, ndiye kukopera ndi kumata sikusintha.

Achimwene a ku Bristol: Za mbiriyo ukunena zoona aise, ndipo mabatani osanjidwa molunjika chala chilichonse ndi abwinodi. Koma ganizira ntchito ya achemwaliwa. Amawawerengera maoda amene alowetsa patsiku. Ine pa Advantage2 masabata atatu oyambirira ndinkatayipa pang'onopang'ono kwambiri, C ndi V ndikungolakwitsa, ndipo ndinkaphunzirira kunyumba popanda wondiyang'anira. Munthu amene ali pa miyezi yoyesedwa kuntchito sangakwanitse kutsika choncho. Pa Corne mzere wa manambala palibe n'komwe, umachita kugwira batani lina kuti manambala atuluke. Kwa wolemba mapulogalamu ngati iwe zilibe kanthu, koma kwa munthu wa manambala tsiku lonse ndi katundu wina.

Mnyamata wa IT: Pamenepo ndavomera. Ndingowonjezera za maswichi, tizipangizo tokhala pansi pa batani lililonse, kwa amene akufuna kiyibodi ya mechanical. Cherry MX Blue amalira kuti khe khe khe, mu ofesi ya anthu ambiri adzakudandaulani. Brown ali ndi kabampu kosalira kwambiri, Red ndi osalala komanso opepuka. Batani limalowa mamilimita 4 koma chilembo chimatuluka likangofika pa 2, ndiye palibe chifukwa cholimenya mpaka pansi. Anthu ambiri zala zimawawa chifukwa chomenya mabatani ndi mphamvu.

Bambo a ku Hamburg: Ndilowererepo pa chinthu chimene chinandigwetsa ine. Yang'anani kasanjidwe ka zilembo ka dziko limene muli. Kuno ndi QWERTZ, Y ndi Z anasinthana malo, ku France ndi AZERTY. Ndinagula kiyibodi yogawanika pa intaneti osayang'anitsitsa chithunzi, inabwera ya ku America pamene kompyuta ya kuntchito inatcheredwa pa Chijeremani. Chilembo chimene chimatuluka chimatsatira mmene kompyuta yatcheredwera, osati chimene chalembedwa pa batani. Kulowetsa pasiwedi kokha inali nkhondo.

Ndipo ife olemba Chichewa timagwiritsa ntchito kwambiri kachizindikiro ka mu ng'ombe, m'nyumba, n'chifukwa. Pa kiyibodi ya Chijeremani kamafuna Shift ndi #, zala ziwiri. Pa ya Chingelezi ndi batani limodzi, koma lili pa kachala kakang'ono ka kumanja, pamene A, amene wadzaza m'mawu athu onse, ali pa kachala kakang'ono ka kumanzere. Tizala tofooka ndi timene timagwira ntchito yaikulu tikamalemba chilankhulo chathu.

Achimwene a ku Bristol: Zoona bambo. Achemwali, inu mufune yolembedwa kuti UK kapena ISO. Muizindikira ndi Enter wamtali wa mizere iwiri, Shift wa kumanzere wamfupi, ndi £ pa 3. Ya ku America, ANSI, Enter wake ndi wopingasa ndipo ili ndi mabatani 104, pamene ISO ali 105. Pa ziwirizi @ ndi " zili m'malo osiyana, ndiye kwa munthu wolowetsa ma imelo a makasitomala si nkhani yaing'ono.

Bambo a ku Johannesburg: Kuno zambiri ndi za kasanjidwe ka ku America. Amene mumatumizirana katundu ndi abale a ku UK muzifunsana kaye.

Mnyamata wa IT: Okonda kulemba Malaŵi ndi kadenga kake: pa Windows sankhani United Kingdom Extended, dinani AltGr (Alt wa kumanja) ndi 6, kenako w. Mu Word mutha kulemba U+0175 n'kudina Alt ndi X.

Amayi a ku call centre: Mwanawe, usathamangire kutulutsa ndalama zako. Ku UK kuno kuli lamulo la mu 1992 la Display Screen Equipment, lokakamiza olemba ntchito kuunika malo a aliyense wokhalitsa pa kompyuta ndi kukonza zimene zingamuvulaze. Pita kwa abwana ako ukanene kuti ukufuna kuunika kumeneko, amati DSE assessment, ndipo ulembe pa imelo kuti pakhale umboni, utchule pamene pakuwawa ndi tsiku limene kunayamba. Ine ndinakhala chaka chathunthu ndikupirira poopa kuti aziti mlendoyu ndi wovuta. Nditanena, anandipatsa kiyibodi ina ndi mausi yoimirira. A HSE, bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito, amalangizanso kuti kupuma mphindi 5 mpaka 10 pa ola lililonse kumaposa kupuma mphindi 20 pakatha maola awiri.

China, makampani ambiri salola kulumikiza chipangizo chobwera nacho wekha pa kompyuta yawo. Ufunse a IT usanagule.

Bambo a ku Johannesburg: Kunonso kuli Ergonomics Regulations ya mu 2019, olemba ntchito amayenera kuunika zomwezo.

Adimini: Ndipo mukagula nokha pa intaneti kwa kampani, ku UK ndi ku EU muli ndi masiku 14 oti musinthe maganizo n'kubweza. Mukagula kwa munthu wamba ufulu umenewo palibe. Bokosi musataye.

Achemwali a ku Leeds: Ndabweranso, papita masiku asanu. Timiyendo ndinapinda, mpando ndinakweza, mausi ndayamba kugwira ndi lamanzere m'mawa. Phewa lapepuka ndithu. Polumikizira dzanja pakuwawabe, koma osati ngati kale. Amayi, imelo ija ndinalemba, andiuza kuti adzaunika desiki yanga Lachinayi ndipo ndinene mtundu umene ndikufuna. Achimwene, nditchule iti?

Achimwene a ku Bristol: Tchulani yogawanika ya manambala apadera, Sculpt kapena Freestyle2 ndi kachidutswa ka manambala kogula pambali. Pa Freestyle2 kachidutswako mutha kukaika pakati pa zidutswa ziwirizo, mausi n'kukhala pafupi ndi dzanja lamanja. Musatalikitse zidutswazo tsiku loyamba, yambani ndi mpata wa zala zitatu, muziwonjezera pang'onopang'ono. Kutukula pakati yambirani pa madigiri 5.

Lachinayi lisanafike yesani ichi: lembani mawu akuti bambo, mbale, yathu, muone dzanja limene likudina B ndi Y. Pa kiyibodi yogawanika B ali kumanzere, Y ali kumanja.

Achemwali a ku Leeds: Ndayesa pompano. B ndikumudina ndi lamanja, nthawi zonse.

Achimwene a ku Bristol: Ndiye masiku oyamba chala chizigwera pampata. Yambani lero kumudina ndi chamkombaphala cha kumanzere pa kiyibodi yomwe muli nayoyo, mphindi 10 madzulo alionse. Freestyle2 yanga ili m'kabati, ngati a IT alola ndikutumizirani muiyese kaye sabata ziwiri asanakugulireni. Ndilembereni kumbali.