Ngongole ya Make Tadala

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Ndawerengetsa m'buku la banki m'khonde yathu. Make Tadala anatenga K150,000 mu Julaye. Chiwongoladzanja cha miyezi iwiri anapereka, cha Okutobala ndi Novembala ayi. Pa 20 peresenti pamwezi ndi K60,000, kuphatikiza chindapusa K10,000, zonse K220,000. Kugawana ndi mwezi wamawa.

Nangozo: Ndiye tikudikira chiyani? Malamulo tinasainira tonse ndi chala. Mbuzi ziwiri zili m'khola mwawo, tikatenge Loweruka. Ine feteleza wanga ali m'bokosi momwemo, chimanga sichimva kuti pepani.

Msungichuma: Mbuzi imodzi ndi ya apongozi awo, muyambitsa mlandu wina kwa amfumu.

Wapampando: Nangozo, ndalama tikambirana. Koma zija munachita pamsika wa Lizulu sizinandisangalatse. Kumukuwa mnzanu kuti wakuba, anthu ogula kabichi akumva, mwana ali kumbuyo?

Nangozo: Nanga foni amayankha? Kunyumba ndinapeza loko.

Make Tadala: Ndilipo amayi, ndikuwerenga zonse. Sindinadye ndalama zanu. Ndinapikula mbatatesi ku Tsangano kuti ndikagulitse ku Lilongwe, lole inafera ku Linthipe. Pofika matumba anali akuchucha madzi, fungo lokhalokha. Zomwe ndinasankhamo sizinabweze ndi thiransipoti yomwe. Foni ndimaiona ikuitana, manyazi.

Nangozo: Manyazi sagula Urea.

Gogo Nachisale (akulemba ndi mdzukulu): Agogo akuti Mateyu 18 muiwerenge yonse. Wakulakwira umayamba wamuyendera panokha, akakana utenge mmodzi kapena awiri, kenako mpingo. Akuti msika mulibemo m'ndimemo. Akutinso kumapeto kwake kuli kapolo uja anakhululukidwa ngongole yaikulu, potuluka n'kukamugwira pakhosi mnzake wa ngongole yochepa.

Nangozo: Agogo, ulemu wanu, koma amene anakhululuka uja anali mfumu, chuma chinali chake. Izi ndi ndalama za amayi ogulitsa zitumbuwa. Chifundo chogwiritsa thumba la wina n'chosavuta.

Msungichuma: Pamenepo Nangozo sananame. Tikangofufuta, sheya iliyonse itsika, ndipo chaka chamawa aliyense abwera ndi nkhani ya lole.

Wapampando: Palibe wanena zofufuta. Komanso tisaiwale, chaka chija kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mu Novembala 2023, tinachedwa kubweza tinali angati muno? Ine ndinali m'gulu lomwelo. Wina anabwera kudzazula malata?

Gogo Nachisale (akulemba ndi mdzukulu): Akuti Nangozo ayankhe funsolo 😂

Nangozo: Ine ndinachedwa koma ndinabwera ndekha kudzanena. Kusiyana kwake n'kumeneko.

Make Tadala: Zoona achemwali, pamenepo ndinalakwa. Ndikhululukireni nonse.

Mlembi: Maganizo anga ndi awa. Masheya awo ndi K70,000, tidule pa K150,000, zitsala K80,000. Chindapusa tichichotse. Chiwongoladzanja cha miyezi iwiriyo tivotere.

Make Tadala: K30,000 nditumiza pa Airtel Money tisanagawane, achimwene alonjeza. Zotsalazo Malichi, nyemba zikacha.

Nangozo: Chindapusa chichoke, chabwino. Chiwongoladzanja theka, osati chonse. Ndipo zilembedwe, mboni ziwiri, osati zapakamwa.

Msungichuma: Ndiye kuti K110,000. Ine ndavomera.

Wapampando: Tivota Lachinayi bokosi lili pakati, osunga makiyi onse atatu mubwere. Koma Nangozo, mawu aja munawanena pagulu. Lamulungu tonse tili pa benchi imodzi, mupatsana bwanji moni wamtendere?

Nangozo: Amayi, musandiumirize pafoni. Mtima sunatsike.

Wapampando: Sindikuumirizani. Mawa madzulo ndikupita kwa Make Tadala, ndidzera kwanu.

Nangozo: Mundipeza kudimba. Koma mbuzi zija asagulitse kaye.

Make Tadala: Sizichoka, achemwali.

Mlembi: Amene simunapereke ya thumba la zadzidzidzi mwezi uno, Lachinayi lomwelo chonde.