Ndani amapereka ndalama za kafukufuku mliri usanagwe?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Gulu lathu likufuna kufufuza chimene chimachedwetsa uthenga wa mliri kuchoka pa chipatala chaching'ono kukafika kwa oyenera kuchitapo kanthu. Tikuyeza ndi muyezo uja wa 7-1-7: kuzindikira matenda m'masiku 7, kudziwitsa akuluakulu a zaumoyo tsiku limodzi lisanathe, n'kumaliza ntchito zoyambirira zolimbana nawo m'masiku 7.

Vuto ndi thumba. CEPI, mgwirizano wapadziko lonse wokonzekera miliri womwe unayamba mu 2017, maso ake ali pa katemera. Pandemic Fund, thumba lokonzekera miliri la ku World Bank, la mu 2022, ndalama zake zimadzera m'maboma ndi mabungwe akuluakulu, ife ofufuza wamba sitingagogode tokha. Ndalama zimasefukira matenda akabuka kale, pomwe anamwino alibe mpata woyankha mafunso athu, ndipo chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku chimatuluka mliri utazilala.

Kodi alipo anapezapo thandizo ku Wellcome (bungwe la ku UK lothandiza kafukufuku wa zaumoyo) kapena TDR ya WHO (pulogalamu ya kafukufuku wa matenda a m'maiko otentha) pa ntchito yotere? Amalola kuti ndondomeko ivomerezedwe pasadakhale, ndalama zina zisungidwe kudikira tsiku la ngozi? Nanga malipiro a osonkhanitsa uthenga m'miyezi yabata munawalemba bwanji mu bajeti?