Mnzanga akuchitidwa nkhanza m'banja: kodi ndikaitane ankhoswe?

Mayi wa ku Chinamwali:
Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za nkhanza za m'banja. Ndili ndi mnzanga amene timasonkha limodzi ku banki m'khonde, ndipo sabata yatha anandiululira kuti amuna awo akhala akuwamenya kwa zaka zitatu, koma ulendo uno anawakanyanga pakhosi mpaka mawu anasasa. Mayiyu ndi woyembekezera. Ine mtima unandiwawa, ndipo ndinaganiza zoti ndikauze ankhoswe kuti akawakhazike pansi bambowo, koma mwiniwake wandiletsa. Kodi ndikakhala chete, sindiye kuti ndikuvomereza zoipazi?

Mlangizi wa ku Matawale:
Mayi, mwachita bwino kufunsa musanapite kwa ankhoswe. Pa zimene mwafotokozazi pali zinthu ziwiri zimene ife timaziopa kwambiri, zomwe ndi kukanyanga pakhosi ndi kumenya munthu wapakati, chifukwa mwamuna amene wafika pogwira khosi waonetsa kuti angathe kupha, ngakhale pathupi pasaoneke bala lililonse. Afunseni modekha ngati bambowo anaopsezapo kuti adzawapha kapena kudzipha, ngati amatulutsa chikwanje kapena mpeni pa mkangano, komanso ngati amafufuza foni yawo.

Tsono dziwani kuti nthawi yoopsa kwambiri imakhala pamene mwamuna wazindikira kuti nkhani yatuluka kunja kapena kuti mkazi akufuna kuchoka. Ankhoswe akaweruza masana amabwerera kwawo, koma mnzanuyo amagona m'nyumba yomweyo usiku umenewo. Akamakuletsani si kupusa ayi. Iwo akuwadziwa bwino amuna awo kuposa ife tonse. Chofunika msanga ndi kupita kuchipatala kuti akawaone khosilo ndi mimbayo, ndipo tsiku la sikelo lingawapatse mpata wotuluka popanda kukayikiridwa. Pachipatala chachikulu cha Zomba pali malo a Chikwanekwane, kumene amathandiza anthu ochitiridwa nkhanza.

Bambo wa ku Thondwe:
Ine sindikugwirizana ndi zoti ankhoswe tiziwalambalala. Kuno kwathu kuchikamwini, mwamuna amakhala pamudzi pa akazi ake, ndipo malume akalankhula mkamwini amamva. Si ankhoswe onse amene amangoti banja ndi kupirira.

Mlangizi wa ku Matawale:
Bambo, mukunena zoona, ndipo malume wotere angakhale chitetezo chachikulu. Koma banja lochita lendi m'tauni lili kutali ndi eni mbumba, ndipo kukanyanga munthu ndi mlandu, si kusamvana kwa pa ndiwo. Mayiyo asankhe yekha wachibale amene akumukhulupirira, ndi nthawi yomuuzira.

Mayi wina wa ku Sadzi:
Ndinadutsamo m'zimenezi, choncho ndinene zimene zinandithandiza. Mnzanga anandisungira chiphaso cha unzika, buku la kuchipatala, zovala za ana ndi ndalama pang'ono, ndipo tinapangana kuti ndikatuma mwana kukapempha mchere usiku, iye adziwe kuti zinthu zavuta ndipo aitane anthu. Sankanditumizira mauthenga a nkhaniyi pa WhatsApp, chifukwa foni yanga inkawerengedwa tsiku lililonse. Ndinabwerera kwa bamboyo kawiri ndisanachokeretu, koma mnzangayo sanandinyoze, n'chifukwa chake ulendo wachitatu sindinachite manyazi kugogoda pakhomo pake.

Mnzanuyo adziwenso kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006 limapatsa khoti mphamvu zoletsa munthu wankhanza kuyandikira amene akumuzunza, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit. Bungwe la YONECO, lomwe likulu lake lili mu Zomba momwemuno, lili ndi manambala aulere a 5600 ndi 116. Mukhoza kuimba inuyo pa foni yanu, iwo n'kulankhulira pomwepo tsiku la banki.

Mayi wa ku Chinamwali:
Zikomo nonse. Sikelo yawo ili Lachinayi, ndipo avomera kuti ndiwaperekeze. Za ankhoswe ndayamba ndaziimika, koma buku la kuchipatalalo silingasungidwe kwa ine panopa chifukwa bambowo amalifunsa akabwera kusikelo.