Kodi mvuu imasambira kapena imangoyenda pansi pa madzi?

Chikondi_M:
Anzanga ndithandizeni apa. Dzulo ndimaonera kavidiyo ka mvuu kojambulidwa pansi pa madzi, ndiye ikuoneka ikuthamanga pamatope penipeni, kudumphadumpha ngati kamwana ka mbuzi, kusambira ayi ndithu. Komanso chinyama chimenechi nsomba sichidya, chakudya chake ndi udzu wa kumtunda, nanga m'madzimo chimafunamo chani tsiku lonse?

Kachere88:
Mwaona bwino achemwali. Mvuu yaikulu sisambira kwenikweni, mafupa ake ndi olemera ndiye imamira, imangodzikankha ndi miyendo pansipo nkutulutsa mphuno kuti ipume, ndipo imatha kukhala mphindi ngati 5 osapuma. M'madzimo ikuthawa dzuwa basi, khungu lake likauma limang'aluka. Imatulutsanso timadzi tofiirira pakhungu, anthu amati ikutuluka thukuta la magazi koma si magazi ayi, timadzito timaiteteza ku dzuwa ndi tizilombo. Usiku ndi pomwe imakwera kumtunda kukadya, udzu wokwana makilogalamu 40 usiku umodzi, mbandakucha yabwerera kudzera kanjira kake komweko. Mukadzaipeza panjirapo musadzaime pakati pa iyo ndi madzi chonde.

Tadala_wa_Nyau:
Kkkk ndiye ndi thupi lonse lija chinthu chimaopa dzuwa eti

Mphunzitsi_Wakale:
Musaiseke aise, ikapeza madzi ndi udzu imakhazikika ngakhale kutali ndi kwawo. Pablo Escobar uja, mkulu wozembetsa mankhwala osokoneza bongo, anagula mvuu 4 m'zaka za m'ma 1980 nkuziika pa famu yake ya Hacienda Nápoles ku Colombia. Ataphedwa mu 1993 nyama zina anazisamutsa koma mvuu anangozisiya poti kunyamula chimenechija ndi chintchito, ndiye zinatuluka nkukalowa mu mtsinje wa Magdalena, panopa zadutsa 100. Ku Africa chilimwe chikafika povuta madambo amauma, mvuu zimathinana pa kadziwe kamodzi nkumamenyana, ana ena amagwidwa ndi mikango kapena ng'ona. Uko ku Colombia madzi chaka chonse, udzu mbwee, mdani palibe. Vuto ndi ndowe zake, zikachuluka m'madzi mpweya umachepa nsomba nkumavutika, boma lakhala likuyesa kuzifula kuti zisaswane koma kugwira imodzi yokha ndi nkhondo.

Chikondi_M:
Zikomo akuluakulu, za ku Colombia zokha sindimadziwa. Ndabwerera pa kavidiyo kaja, maso, makutu ndi mphuno zonse zili pamwamba pa mutu, nchifukwa chake pamadzi timangoona timakutu tokha tikugwedera. Koma kufula mvuu amayamba bwanji abale, amaigoneka kaye ndi jakisoni?